Mawu a Opulumuka Nkhondo Ndi a Yani? Mafunso ndi Mayankho pa Ndalama Zosungira Mbiri Yawo

M'midzi ya m'malire a Malawi ndi Mozambique, kuyambira ku Marka m'boma la Nsanje kukafika ku Muloza, Lizulu ndi Dedza, muli anthu okalamba amene adaona nkhondo ndi maso. Ena adathawa usiku mwana ali kumsana. Ena adalandira othawawo ndi kuwadulira kamunda. Enanso adanyamula mfuti ndevu zisanamere. Masiku ano kuli mabungwe amene amapereka ndalama kwa anthu ofuna kujambula ndi kusunga nkhani zotere. Ndalamazo zikhoza kupulumutsa mbiri, koma zikhozanso kuvulaza eni mbiriwo. Ine ndimakhulupirira kuti ulemu wa ntchitoyi suonekera m'mawu okoma a m'kalata yopempha thandizo, umaonekera m'bajeti: zimene mwaikira ndalama ndi zimene mwasiya.

Kodi thandizo limeneli ndi lotani, ndipo amapereka ndani?

Ndi ndalama zosabweza zimene bungwe limapereka kwa munthu kapena gulu kuti ligwire ntchito imene lidalonjeza polemba: kujambula mawu a mboni, kusonkhanitsa zithunzi ndi makalata, kumasulira, ndi kusunga zonsezo pamalo otetezeka. Si ngongole, koma pamapeto pake mumafotokoza mmene tambala iliyonse yayendera.

Opereka ake ndi osiyanasiyana. Asilikali a Russia atalowa m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, bungwe la Institute for Human Sciences la ku Vienna lidayambitsa ntchito ya Documenting Ukraine, yopereka mayuro 5,000 kwa atolankhani, akatswiri a maphunziro, olemba ndi aluso a ku Ukraine kuti asunge zimene anthu akukumana nazo nkhondo ili mkati. Ku America, Steven Spielberg adakhazikitsa Shoah Foundation mu 1994, ndipo m'zaka zochepa bungweli lidajambula maumboni oposa 50,000, ambiri mwa iwo a Ayuda amene adapulumuka m'manja mwa Hitler.

Palinso thandizo lopulumutsa zimene zilipo kale. Endangered Archives Programme ya British Library, imene idayamba mu 2004, ndi Modern Endangered Archives Program ya yunivesite ya UCLA, zonse zimayendera ndalama za thumba la Arcadia. Ntchito yake yaikulu ndi kukopera mapepala, zithunzi ndi matepi akale amene akuwonongeka. Amene ali ndi makaseti m'katoni ndi amene akufuna kukajambula agogo kumudzi akufunika makomo awiri osiyana, ndipo ndi bwino kudziwiratu khomo lako usanagogode.

Nkhondo ya ku Mozambique idatha mu 1992. Tikumbirenji zakale?

Chifukwa nkhondoyi idagona m'nyumba zathu. Idayamba mu 1977, patangopita zaka ziwiri dzikolo litalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi. Boma la Frelimo linkamenyana ndi Renamo, gulu limene poyamba linkathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenako la tsankho la ku South Africa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa ndi zipolopolo, njala ndi matenda. Pofika pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama ankasaina pangano la mtendere ku Rome, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anali atathawira m'mayiko oyandikana nawo, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo anali m'Malawi, dziko limene kalembera wa 1987 adapeza kuti linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje othawa nkhondo adachuluka kuposa eni mudzi. Mayina ngati Mankhokwe, Nyamithuthu, Kunyinda, Lisungwi ndi Luwani anali misasa yodzaza anthu. Ku Dedza ndi Ntcheu ambiri sadalowe m'misasa, adangokhala pakati pa abale awo a chilankhulo chimodzi.

Nkhondo itatha, nyumba ya malamulo ya Mozambique idakhululukira onse amene adalakwa pankhondopo, ndipo sipadakhale bwalo lomvera zimene zidachitika ngati la ku South Africa. Ambiri adabwerera kwawo, misasa idasanduka minda. Mbiri yaikulu yatsala m'mitu ya anthu. Mayi amene adawoloka malire mu 1986 ali ndi zaka 30, lero ali ndi zaka pafupifupi 70. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuphwa chaka ndi chaka. Komanso nkhaniyi si yakale kwenikweni: mu 2016 anthu zikwizikwi a m'chigawo cha Tete adathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo msasa wa Luwani udatsegulidwanso.

Kodi palibe amene adalemba kale?

Alipo, ndipo tiyenera kuwathokoza. Mu 1988 Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, adacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 m'mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, ndipo lipoti lake lidaulula nkhanza za Renamo kwa anthu wamba. Carolyn Nordstrom adalemba za moyo wa anthu mkati mwa nkhondoyo. Harri Englund adakhala m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia, ndipo buku lake lidatuluka mu 2002. Koma zolembedwa zotere zili m'Chingerezi, zambiri zili m'malaibulale akutali, ndipo mdzukulu wa mayi amene adafotokozayo sadziwa n'komwe kuti zilipo.

Tili ndi chitsanzo chapafupi cha phindu la kufulumira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Melvin Page, mothandizidwa ndi Amalawi amene ankafunsa ndi kumasulira, adayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zidamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, komanso amtengatenga amene adasenza katundu wa asilikali. Anthu a ku Nyasaland amene adatengedwa kukasenza katunduyo anali pafupifupi 200,000, koma m'mabuku a atsamunda ankangooneka ngati chiwerengero. Kuchokera m'macheza amenewo mudatuluka buku la The Chiwaya War mu 2000, ndipo dzinalo lidachokera m'kamwa mwa anthuwo, amene ankafanizira kulira kwa mfuti yachiwaya ndi chimanga chophulika pamoto. Lero palibe ndi mmodzi yemwe wa nkhalambazo amene ali moyo. Akadachedwa zaka khumi zokha, mawu ambiri akadapita nawo kumanda.

Munthu akavomera kujambulidwa, si ndiye kuti zonse zili bwino?

Zimatengera kuti wavomera chiyani. Taganizani za agogo amene awerengeredwa mothamanga pepala la m'Chingerezi, adinda chala, mfumu ili pomwepo, galimoto ya bungwe itaima pabwalo. Pachikhalidwe chathu mlendo sakanizidwa, ndipo mawu a mfumu sabwezedwa pagulu. Agogowo anena kuti inde, koma inde ameneyo ndi waulemu chabe. Chimodzimodzi munthu wa ku Dzaleka, msasa wa ku Dowa umene udatsegulidwa mu 1994, akhoza kuvomera poganiza kuti kufotokoza mavuto ake kumuthandiza kupeza mwayi wopita kunja. Ngati wofunsa sadanene poyera kuti machezawo sasintha kanthu pa mapepala ake, wamunamiza ngakhale sadanene bodza.

Kuvomera kwenikweni kumachitika m'chilankhulo cha mwini nkhani, pamalo poduka mphepo, popanda mfumu, mwamuna wake kapena mbusa kumvetsera. Wofunsa afotokoze tanthauzo la kuika mawu pa intaneti m'njira yomveka: "Agogo, zimene munene pano akhoza kudzazimva adzukulu anu, anansi anu, ngakhale amene adakuchitani chipongwe uja." Ndiyeno munthu asankhe. Dzina lake litchulidwe kapena ayi? Nkhope ioneke? Mawu amveke pawailesi, kapena angosungidwa kwa zaka zakutizakuti? Ndipo akhale ndi ufulu wosintha maganizo mawa kapena chaka chamawa.

Apa ndi pamene bajeti imalowera. Ufulu wosintha maganizo ulibe ntchito ngati palibe nambala ya foni imene imayankhidwa, kapena ndalama ya ulendo wachiwiri wokamvetsera limodzi zimene zidajambulidwa. Pempho limene lili ndi ndalama ya ulendo umodzi wokha pamudzi uliwonse likunena lokha kuti eni ake akupita kukatenga, sakupita kukacheza.

Kodi kukamba za nkhondo sikutsegula zilonda zimene zidapola?

Kukhoza kutero. Kwa ena kufotokoza kumapepukitsa mtima. Kwa ena kumabweretsa maloto oipa ndi kusowa tulo kwa masabata. Wofunsa sangadziwiretu, choncho akonzekere zonse ziwiri. Mu Epulo 2022 kudakhazikitsidwa malamulo otchedwa Murad Code, potengera dzina la Nadia Murad, mayi wachiyazidi wa ku Iraq amene adapulumuka m'manja mwa zigawenga za ISIS ndipo adalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2018. Malamulowa ndi otsogolera aliyense wosonkhanitsa nkhani za kugwiriridwa pankhondo. Mwa zina amalangiza kuti munthu asafunsidwe mobwerezabwereza nkhani imene adaifotokoza kale kwa ena, ndiponso kuti wofunsa adziwiretu kumene angatumize munthu wofuna chithandizo asanayambe n'komwe kufunsa.

Kwathu kuno izi zimafuna kuganiza mofatsa. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu zili kutali ndi Marka kapena Muloza. Choncho gulu liyenera kupangana ndi achipatala cha boma lomwelo, alangizi a kumpingo kapena kumzikiti, ndi amayi odalirika a m'mudzimo, ndipo liike ndalama yolipirira mayendedwe ndi nthawi yawo. Ofunsawo nawonso ndi anthu: mnyamata amene wamva nkhani za kudulidwa makutu ndi milomo tsiku lonse amafuna womumvera madzulo.

Tisaiwalenso kuti kukhala chete ndi njira ina imene anthu adadzichiritsira. M'madera ambiri a Mozambique obwera kunkhondo ankasambitsidwa ndi asing'anga kuti zakutchire zitsale kutchire, ndipo mwambo ukatha nkhaniyo sinkakambidwanso. Ku Gorongosa, monga adalembera Victor Igreja, nkhani za nkhondo zidatulukira mwa mizimu ya magamba, pa nthawi yake ndi pabwalo lake. Munthu akati "zimenezo tidazisiya," wofunsa azimitse makina ake ndi kuthokoza.

Mawu ojambulidwa angamuike munthu m'mavuto?

Inde, ndipo pali phunziro lowawa lochokera ku Northern Ireland. Pakati pa 2001 ndi 2006, ntchito ina ya Boston College ya ku America idajambula anthu amene adamenya nawo nkhondo yachiweniweni ya kumeneko, mbali zonse ziwiri. Adalonjezedwa kuti mawu awo sadzatuluka iwo ali moyo, ndipo adaulula zakukhosi. Mu 2011 apolisi a ku Northern Ireland, kudzera m'boma la America, adaitanitsa matepiwo pofufuza imfa ya Jean McConville, mayi wa ana khumi amene adabedwa ndi kuphedwa mu 1972. Makhoti adalamula kuti ena mwa matepiwo aperekedwe. Mu 2014 Gerry Adams, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa chipani cha Sinn Féin, adamangidwa ndi kufunsidwa kwa masiku anayi, kenako adamasulidwa popanda mlandu. Banja la mayi wophedwayo linali ndi ufulu wofuna chilungamo, komanso amene adafotokoza adalonjezedwa chinthu chimene olonjezawo analibe mphamvu yochisunga.

Mlandu suwola, ndipo mkwiyo wa m'mudzi suthetsedwa ndi lamulo la chikhululukiro. Frelimo ndi Renamo ndi zipani zimene zikupikisanabe pazisankho. Wopha ndi wofedwa nthawi zina amatunga madzi pamjigo umodzi. Palinso anthu amene sadabwerere, adakwatira kapena kukwatiwa kuno, ana awo ndi Amalawi. Kwa iwo kutchula kumene adabadwira kukhoza kudzutsa mafunso a unzika. Choncho musalonjeze chinsinsi chimene simungachiteteze. Funsani loya musanayambe. Mayina enieni asungidwe padera ndi mawu ojambulidwa. Munthu akayamba kutchula dzina la mnansi amene adapha, imitsani kaye ndi kumukumbutsa amene angadzamve. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo wosunga mawu a anthu ayenera kulidziwa.

Opereka ndalama amakonda kunena za kusasiya wina aliyense. Pantchito yeniyeni zimatanthauza chiyani?

Mukafika pamudzi n'kupempha anthu odziwa za nkhondo, mfumu idzakutumizirani amuna odziwa kuyankhula pabwalo. Alibe cholakwa, koma nkhondo yawo si nkhondo yonse. Ku South Africa, bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu lidalandira maumboni oposa 21,000. Amayi ambiri adabwera, koma kawirikawiri ankafotokoza zimene zidagwera amuna awo ndi ana awo aamuna, zawo ankazisiya, mpaka bungwelo lidakonza misonkhano yapadera ya amayi okhaokha. Svetlana Alexievich wa ku Belarus, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2015, adayenda zaka zambiri kucheza ndi amayi amene adamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo adapeza nkhondo ina imene mabuku a akuluakulu a asilikali sadaione.

M'malire athu, osaoneka ndi ambiri. Pali amayi amene adatengedwa kukasenza katundu ndi kukakamizidwa kukhala akazi a asilikali. Pali amene anali ana, amene amakumbukira mzere wa phala ndi sukulu ya pansi pa mtengo. Pali amene adaduka miyendo ndi mabomba okwirira, amene ntchito yowachotsa ku Mozambique idalengezedwa kuti yatha mu 2015. Pali osamva ndi osalankhula, amene palibe adawafunsapo kanthu. Pali eni midzi amene nkhalango zawo zidatha ndi nkhuni za anthu ochuluka, koma adagawana nawo zitsime ndi manda. Pali asilikali a Malawi amene ankalondera njanji ya ku Nacala kuyambira mu 1987, ndi akazi amasiye a amene sadabwerere.

Aliyense wa amenewa ali ndi mtengo wake m'bajeti. Kumva amayi kumafuna ofunsa aakazi, ndi wolera ana pamene mayi akufotokoza. Kufika kwa wolumala kumafuna njinga yamoto yopita kumene msewu udathera. Nkhondoyi idachitika m'Chisena, Chilomwe, Chiyao, Chinyungwe, Chinyanja ndi Chipwitikizi, ndipo munthu amalira bwino m'chilankhulo chimene adayamwira, choncho pafunika ofunsa ndi omasulira a zilankhulo zimenezo. Pempho lolonjeza kumva onse koma lopanda mizere imeneyi m'bajeti likulonjeza zimene silidzachita.

Nanga amene adagwira mfuti, ngakhale amene adapha, nawonso ajambulidwe?

Ajambulidwe, ngati afuna. Popanda iwo sitidzamvetsa mmene mwana wa mlimi amasandukira wowotcha midzi. Ambiri mwa amene anthu ankawatcha a Matsanga, potengera dzina la André Matsangaissa, mtsogoleri woyamba wa Renamo, adagwidwa ali ana kumunda kapena panjira ya kusukulu. Munthu mmodzi yemweyo adalakwiridwa ndipo adalakwira ena. Mbali ya boma nayo ili ndi zake: kusamutsira anthu mokakamiza m'midzi ya pamodzi, kulanda chakudya, kupha oganiziridwa kuti akudyetsa adani. Graça Machel, mu lipoti lake la ku United Nations la 1996, adaonetsa dziko lonse mmene nkhondo imadyera ana, ndipo ana amenewo lero ndi abambo ndi amayi a zaka makumi asanu.

Kumvetsera si kukhululukira, ndipo wojambula si woweruza. Koma pafunika nzeru. Wolakwa ndi wolakwiridwa asakumanitsidwe pamalo amodzi chifukwa chofuna chithunzi chokoma cha chiyanjano. Mawu a wina asaulutsidwe m'mudzi mmene muli amene adawavulaza popanda kuwakonzekeretsa. Ndipo opereka ndalama asakakamize gulu kusankha mbali imodzi yoti ndiyo yoipa yokha.

Kodi wofotokoza nkhani yake alipidwe?

Funsoli limavuta chifukwa tidazolowera alawansi pamsonkhano uliwonse. Ena amati kulipira kumagula umboni, munthu amawonjezera mchere kuti asangalatse wolipira. Ena amati si chilungamo kuti wofunsa, dalaivala ndi mkulu wa ku ofesi onse alandire malipiro, koma mwini nkhani, amene wasiya khasu tsiku lonse nthawi ya dzinja, abwerere chimanjamanja.

Njira yabwino ndi kubwezera nthawi ndi mayendedwe a munthu, osagula nkhani yake. Ndalamayo ikhale yofanana kwa onse, inenedwe poyera macheza asanayambe, ndipo iperekedwe ngakhale munthu atasiyira panjira kapena kukana kuti mawu ake asungidwe. Isakhale yaikulu moti wosauka alephere kukana. Wofotokoza zoopsa asalandire zambiri kuposa wofotokoza za kusinthanitsa ufa wa chithandizo ndi mchere, chifukwa zonsezo ndi mbiri.

Palinso malipiro a ofunsa ndi omasulira a m'deralo. Iwo ndi amene amadziwa khomo lofikira ndi mawu oyambira, amagona m'midzi ndi kusenza nkhani zolemera. Alipidwe moyenera, ndipo mayina awo alembedwe pachikuto cha zimene zatuluka, osangoti m'mawu othokoza a kumapeto.

Zikajambulidwa, zikhala za yani, ndipo zisungidwa kuti?

Mwini nkhani ndi amene adaifotokoza. Gulu lojambula ndi msungi chabe. Shoah Foundation inkapatsa aliyense wofotokoza tepi yakeyake kuti banja lake likhale nayo. Endangered Archives Programme imafuna kuti zinthu zenizenizo zitsale m'dziko lake, ndipo kope lina lisungidwe m'nkhokwe ya m'dzikomo. Zimenezi ndi zoyenera kutengera. Kope loyamba lipite kwa mwini nkhani, pa kakhadi ka m'foni kapena papepala, m'chilankhulo chake. Lina lipite ku National Archives of Malawi ku Zomba kapena ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, ndi pangano lolembedwa lonena amene angamvetsere ndi nthawi yake. Ngati yunivesite yakunja ikufuna kope, ilandire pomvera malamulo omwewo.

Kusunga kumafuna makope atatu, m'zipangizo zosiyana, limodzi likhale kutali ndi enawo. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adakokolola nyumba ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, maboma omwewo amene adasunga othawa nkhondo. Kompyuta imodzi yokhala ndi mawu a agogo makumi asanu ikhoza kupita ndi madzi usiku umodzi, kapena kubedwa m'minibasi.

Vuto lalikulu ndi lakuti thandizo limatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene kusunga kulibe mapeto. Wopempha afunse kuyambira tsiku loyamba: ndalama zikadzatha, adzalipire ndani malo osungira pa intaneti? Adzayankhe ndani foni ya mdzukulu wofuna kumva mawu a agogo ake pakapita zaka khumi?

Kodi ndalama yokhayo siipotoza nkhani?

Ikhoza kupotoza m'njira zingapo. Ndalama zimathamangira nkhondo imene ili pa wailesi yakanema lero; nkhondo imene idatha zaka makumi atatu zapitazo imavuta kuipezera thandizo, ngakhale mboni zake ndi zimene zikutha msanga. Opereka ena amayesa ntchito ndi chiwerengero, maumboni angati pa miyezi ingati, pamene kuona maso a nkhono n'kudekha: mayi akhoza kukuuzani za ulendo wothawa paulendo woyamba, koma za mwana amene adamusiya panjira adzanena paulendo wachinayi. Nkhani zokhetsa misozi zimakopa ndalama kuposa nkhani za mmene anthu adamangira tchalitchi mumsasa, kukwatirana ndi eni mudzi kapena kuphunzira umisiri, motero ofunsa amayamba kusaka magazi okhaokha.

Palinso khomo lolowera. Mafomu ambiri ndi a m'Chingerezi, amafuna bungwe lolembetsedwa, akaunti ya kubanki ndi malipoti a owerengera ndalama. Aphunzitsi opuma ntchito a ku Nsanje amene amadziwa aliyense wa ku Mankhokwe sangapikisane ndi yunivesite ya ku Ulaya pa zimenezi. Chimene ndimayamikira pa Documenting Ukraine ndi chakuti ndalama zidapita kwa eni dziko amene nkhondo ikuwagwera, ngakhale munthu payekha. Opereka amene akufunadi chilungamo alandire mapempho m'zilankhulo za eni nkhani, alole nthawi yaitali, alipire maulendo obwereza, ndipo avomereze lipoti lonena kuti anthu khumi adakana ndipo tidalemekeza kukana kwawo.

Gulu laling'ono la kumudzi kapena kusukulu liyambire pati?

Liyambe ndi anthu, ndalama zibwere pambuyo. Khalani pansi ndi amene mukufuna kuwajambula ndi kuwafunsa ngati akufuna kuti nkhani zawo zisungidwe, ndani azimve, ndipo akuopa chiyani. Sankhani kagulu ka alangizi kuchokera mwa iwo, amayi ndi abambo, othawa ndi olandira, kokhala ndi mphamvu yoletsa chimene sichikuyenda bwino. Kaonekereni kwa mfumu ndi kwa bwanamkubwa wa boma. Kafukufuku wokhudza anthu m'Malawi amafuna chilolezo, ndipo National Commission for Science and Technology ili ndi komiti younika ntchito zotere. Kugwirizana ndi yunivesite ya m'dziko muno kumathandiza pa chilolezocho komanso pa kasungidwe ka ndalama. Mutu umodzi susenza denga.

Kenako yesani ndi anthu ochepa, khumi kapena khumi ndi asanu. Foni yabwino ndi chipinda chopanda phokoso n'zokwanira poyambira. Mudzaona kuti kulemba papepala macheza a ola limodzi kumadya maola ambiri, kumasulira kumadyanso ena, ndipo mudzadziwa mtengo weniweni wa ntchitoyi. Mukamadzalemba pempho, ikani poyera mizere imene ena amaibisa: maphunziro a ofunsa, ulendo wachiwiri ndi wachitatu, alangizi a maganizo, loya, omasulira, makope a eni nkhani, ndi kusunga kwa zaka zakutsogolo. Wopereka akati muchotse zimenezi kuti muwonjezere chiwerengero cha ojambulidwa, kambiranani naye. Akaumirira, ndi bwino kuisiya ndalamayo.

Muyeso wa ntchito yonseyi udzaoneka tsiku limene mudzabwerere pakhonde la agogo aja, kuwayatsira mawu awo, iwo n'kumvetsera mpaka kumapeto. Mwina adzati, "Apa pokha mufufute, mwanangu, enawo asiyeni adzukulu adzamve." Ngati bajeti yanu idakufikitsaninso pakhondepo, ndipo mwafufutadi pamene anenapo, ndalamayo yagwira ntchito yake.